Keir Hardie: mafunso ndi mayankho okhudza mnyamata wa mumgodi amene anatsegulira njira chipani cha Labour

Kutsogolo kwa holo ya tauni ya Cumnock, kumwera chakumadzulo kwa Scotland, kuli chiboliboli cha mutu wa bambo wandevu zambiri, nkhope yosamwetulira. Anachiika mu August 1939, kutatsala masabata ochepa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iyambe. Mwini nkhopeyo anamwalira mu 1915, anthu a m'dera limene ankaliimira atamukuwiza chifukwa chokana nkhondo yoyamba. Munthuyo ndi Keir Hardie, ndipo lero pafupifupi wandale aliyense wa chipani cha Labour cha ku Britain amamutchula ngati gogo wake. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu angafunse akamva dzinali koyamba, ndi ena ofunsa munthu amene walimva kambirimbiri koma sakukhutira ndi mayamiko okhaokha.

Kodi Keir Hardie anali ndani?

Dzina lake lonse ndi James Keir Hardie. Anabadwa pa 15 August 1856 m'kanyumba kakang'ono kufupi ndi Holytown, m'boma la Lanarkshire, ndipo anamwalira ku Glasgow pa 26 September 1915 ali ndi zaka 59. Anagwira ntchito m'migodi ya malasha kuyambira ali mwana, anakhala mlembi wa mabungwe a anthu ogwira ntchito m'migodi, anakhala mtolankhani, kenako phungu wa nyumba ya malamulo, poyamba wa West Ham South ku London kuyambira 1892 mpaka 1895, kenako wa Merthyr Tydfil ku Wales kuyambira 1900 mpaka imfa yake. Mu 1906 ndiye anakhala mtsogoleri woyamba wa aphungu a Labour.

Ubwana wake unali wotani?

Mayi ake, Mary Keir, anali wantchito wa m'nyumba za anthu, ndipo anamubereka asanakwatiwe, chinthu chimene ku Scotland wa masiku amenewo chinkatsatira mwana moyo wake wonse. Pambuyo pake anakwatiwa ndi David Hardie, kalipentala wa sitima za pamadzi, n'kusamukira ku Glasgow. Mnyamatayo anayamba kutumidwatumidwa m'makampani asanakwanitse zaka 10.

Nkhani imene iye mwini ankaikamba mobwerezabwereza ndi ya kumapeto kwa 1866. Bambo ake anali pa ulova chifukwa eni malo okhomera sitima mumtsinje wa Clyde anali atatsekera antchito kunja. Mng'ono wake anali gone ndi malungo aakulu, mayi ake ali ndi pakati potopa, ndipo ndalama yokhayo yolowa m'nyumbamo inali ya iyeyo, yochokera kwa wophika buledi wina amene ankamugwirira ntchito yoperekera buledi m'makomo. Atachezera kudwazika, anachedwa kuntchito masiku awiri otsatizana. Tsiku lachiwirilo anamuitanira kuchipinda chapamwamba, kumene bwanayo anali atangomaliza mapemphero a m'mawa ndi banja lake, tebulo lodzaza ndi zakudya. Anamuuza kuti ntchito yatha, ndipo malipiro a masabata awiri salandira kuti likhale phunziro. Usiku womwewo mayi ake anachira, ndipo chaka cha 1867 chinawapeza m'nyumba yopanda moto ndi chakudya. Mukafuna kumvetsa chifukwa chimene Hardie ankanyansidwira kwambiri ndi olemera opemphera kuposa olemera wamba, yambirani pa tebulo limenelo.

Chaka chomwecho analowa mumgodi. Lamulo la 1842 linkaletsa ana osafika zaka 10 kugwira ntchito pansi pa nthaka, choncho iye analowa atangodutsa pamzere. Ntchito yake yoyamba inali yokhala yekha mumdima maola 10, kutsegula ndi kutseka chitseko choyendetsa mpweya ngolo za malasha zikamadutsa. Kenako ankayendetsa timahatchi tokoka ngolozo, ndipo pofika zaka 20 anali wokumba malasha weniweni.

Nanga anaphunzira kuti?

Kuwerenga anamuphunzitsa ndi mayi ake. Kulemba anakudziwa mochedwa, kusukulu yamadzulo, ndipo kalembedwe kachidule ka atolankhani anadziphunzitsa yekha, akukanda zilembo pa mwala umene ankaudetsa ndi utsi wa nyali yake ya mumgodi. Kulankhula pagulu anakuphunzirira m'gulu loletsa mowa ndi mumpingo wa Evangelical Union. Mowa sanaukhudze moyo wake wonse, ndipo poyamba ankakhulupirira kuti chimene chimasaukitsa okumba malasha ndi botolo. Zinamutengera zaka kuti aone kuti ngakhale osamwa ankagona ndi njala malipiro akatsitsidwa.

Ndale anazilowa bwanji?

Anachita kukankhidwiramo. Mu 1879, atayamba kuyankhulira anzake pa nkhani ya malipiro, eni migodi ya kufupi ndi Hamilton anamuchotsa ntchito pamodzi ndi abale ake, n'kumulemba pa mndandanda wa anthu osayenera kulembedwanso ntchito. Masitalaka amene anatsogolera ku Lanarkshire mu 1880 ndi ku Ayrshire mu 1881 sanaphule kanthu. Anakhazikika ku Cumnock ndi mkazi wake Lillie Wilson, akudya za utolankhani, mpaka mu 1886 pamene bungwe la okumba malasha a ku Ayrshire linakhazikitsidwa iye n'kukhala mlembi.

Nthawi yonseyi anali wa chipani cha Liberal, monga ankachitira anthu ambiri apantchito amene anali ndi voti. Okumba malasha awiri, Thomas Burt ndi Alexander Macdonald, anali atalowa kale m'nyumba ya malamulo mu 1874, koma pansi pa ambulera ya Liberal. Vuto linali loti m'madera ambiri akuluakulu a Liberal anali eni migodi ndi eni mafakitale omwewo. Mu April 1888 kunali chisankho chachibwereza ku Mid Lanarkshire, dera lodzaza ndi migodi, ndipo a Liberal anasankha loya wochokera ku London m'malo mwa Hardie. Iye anaima payekha. Anapeza mavoti 617 okha, n'kukhala womaliza. Mu August chaka chomwecho iye ndi R. B. Cunninghame Graham anayambitsa Scottish Labour Party.

Mfundo imene anatuluka nayo mu 1888 ndi imene anaigwiritsitsa mpaka kufa, ndipo ndi yosavuta kuimva: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu apantchito akhale ndi chipani chawochawo, ndalama zake zichokere kwa iwo, aphungu ake asalandire malangizo kwa Liberal kapena Conservative. Ena anali ndi nzeru zakuya kuposa iye pa zachuma, ena ankalankhula mokoma kuposa iye. Koma pa mfundo imodziyi panalibe womugwedeza.

Kodi n'zoona kuti anapita kunyumba ya malamulo atavala kapusi ya wantchito?

Pang'ono. Mu August 1892 aphungu ankafika atavala majekete akuda aatali ndi zipewa zazitali za silika. Hardie anafika pa ngolo yokokedwa ndi mahatchi imene omutsatira a ku West Ham anachita hayala, wina akuimba lipenga, iye atavala suti ya nsalu yokhuthala ya kumudzi, tayi wofiira, ndi chipewa cha mtundu umene alenje a ku Scotland ankavala. Sichinali kapusi yafulati imene anthu amaiganizira lero. Manyuzipepala anamunyoza, omukonda anakometsera nkhaniyo, ndipo kapusi imene sanavaleyo inasanduka chizindikiro cha chipani chonse.

Tisaiwale kuti aphungu sankalipidwa masiku amenewo. Malipiro a mapaundi 400 pachaka anayamba mu 1911. Munthu wosauka akapambana chisankho ankayenera kupeza womudyetsa, ndipo apa m'pamene zipani zazikulu zinkagwirira anthu pakhosi.

N'chiyani chinachitika mu June 1894 chimene chimatchulidwa pa mwambo uliwonse womukumbukira?

Pa 23 June 1894 mgodi wa Albion ku Cilfynydd, kufupi ndi Pontypridd ku Wales, unaphulika n'kupha amuna ndi anyamata 290. Tsiku lomwelo kubanja lachifumu kunabadwa mwana wamwamuna, mwana wa mdzukulu wa Mfumukazi Victoria. Mawa lake mtsogoleri wa dziko la France, Sadi Carnot, anabayidwa n'kufa. Nyumba ya malamulo inakonza uthenga wopepesa dziko la France ndi wina woyamikira kubadwa kwa mwanayo. Hardie anapempha kuti aikepo mawu opepesa mabanja a ku Cilfynydd, boma linakana.

Ndiye anaimirira yekha n'kutsutsa uthenga woyamikirawo. Anati mwanayo adzakula atazunguliridwa ndi anthu omunyambita mapazi, adzaphunzitsidwa kudziona ngati cholengedwa chapamwamba, ndipo tsiku lina kudzamveka mphekesera za ukwati wosayenera ufumu, dziko n'kulipira. Aphungu anamukuwiza mbali zonse. Chaka chotsatira anataya mpando wake. Mwana uja ndi amene anadzakhala Edward VIII, yemwe anatula pansi ufumu mu 1936 kuti akwatire Wallis Simpson. Anthu amakonda mbali ya ulosiyi, koma kwa ine chachikulu ndi chiwerengero chija cha 290, ndi kuti m'nyumba ya aphungu oposa 600 munapezeka munthu mmodzi yekha woona kuti pali cholakwika.

Ndiye tinene kuti chipani cha Labour anachiyambitsa ndi iyeyo?

Osati yekha, ndipo amene amanena choncho amachepetsa ntchito imene anaigwiradi. Mu January 1893 ku Bradford kunabadwa Independent Labour Party, mwachidule ILP, iye n'kukhala wapampando. Chinali chipani cha anthu otentha mtima koma chosauka, ndipo pa chisankho cha 1895 onse amene chinawaimika anagwa. Hardie anaona kuti asosholisti, anthu ofuna kuti chuma chachikulu cha dziko chikhale cha anthu onse, paokha safika patali, pomwe mabungwe a anthu apantchito anali ndi mamembala ndi ndalama koma atsogoleri awo ambiri sankafuna kumva za sosholizimu. Ntchito yake ya zaka zotsatira inali yokwatitsa awiriwa.

Ukwatiwo unachitika pa 27 February 1900 ku Memorial Hall, mumsewu wa Farringdon ku London, pamene nthumwi 129 zinakhazikitsa Labour Representation Committee. Ena ankafuna kuti gululo livomereze poyera nkhondo ya pakati pa olemera ndi osauka, ena ankafuna kagulu kongokambirana nkhani za antchito basi. Mawu amene anapambana anali a Hardie, oti pakhale gulu la aphungu loima palokha, lokhala ndi akalondolondo ake ndi mfundo zake. Mlembi anali Ramsay MacDonald. Pa chisankho cha chaka chomwecho anapambana awiri okha, Hardie ndi Richard Bell.

Chimene chinakokera mabungwe ambiri m'gululi si zokamba za Hardie ayi, koma oweruza. Mu 1901, pa mlandu wa kampani ya njanji ya Taff Vale, khoti lalikulu linagamula kuti bungwe la antchito likhoza kulipitsidwa pa zimene kampani yataya chifukwa cha sitalaka. Bungwe la antchito a njanji linataya mapaundi pafupifupi 42,000. Atsogoleri amene ankazengereza anaona kuti popanda aphungu awo, sitalaka iliyonse idzawasiya opanda khobidi. Kuwonjezera apo, mu 1903 MacDonald anapangana mwachinsinsi ndi Herbert Gladstone wa Liberal kuti asamapikisane m'madera ena. Hardie, mwini mfundo ya kuima pawekha, ankadziwa za panganolo ndipo sanalitsutse. Mu 1906 anapambana aphungu 29, n'kutenga dzina loti Labour Party.

Anali mtsogoleri wabwino wa chipani?

Ayi. Anapambana utsogoleri ndi voti imodzi yokha pa David Shackleton, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1908 anali atausiyira Arthur Henderson. Misonkhano ya makomiti inkamutopetsa, sankafunsa anzake asanachite chinthu, ndipo ankakhala womasuka pa nsanja ya msonkhano wa pabwalo kuposa m'makonde a nyumba ya malamulo ku Westminster. Ntchito yomanga chipani tsiku ndi tsiku anaigwira ndi MacDonald ndi Henderson.

Sosholizimu yake inali ya Karl Marx?

Ankalemekeza Marx, anadziwana ndi Friedrich Engels, mnzake wa Marx, ndipo anali nawo pa msonkhano wa ku Paris wa 1889 umene unakhazikitsa mgwirizano wa zipani za sosholizimu, msonkhano womwewo umene unasankha 1 May kukhala tsiku la anthu apantchito. Tchuthi chimene timapuma pa 1 May chili ndi mizu yake pamenepo. Koma chilankhulo chake chinali cha m'Baibulo ndi cha ndakatulo za Robert Burns. Ankanena poyera kuti chimene chinamulowetsa m'gululi ndi chiphunzitso cha Yesu kuposa china chilichonse, ndipo ankatchula kawirikawiri ulaliki wa paphiri. Ankafuna kuti malo, migodi ndi njanji zikhale za anthu onse, koma kudzera m'bokosi la voti, osati mfuti. Otsatira Marx enieni ankamuona ngati mlaliki wosochera, a Liberal ankamuona ngati wosokoneza.

Kodi pali chimene chimamulumikiza ndi Malawi?

Sanapondepo ku Nyasaland, koma ulusi ulipo, ndipo wina ndi wowawa.

Woyamba ndi wa malo. Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene mzinda wathu unatenga dzina mu 1876, ali m'boma lomwelo la Lanarkshire, mtunda waufupi kuchokera ku migodi imene Hardie ankakumba. Pa 22 October 1877 mgodi wa ku Blantyre komweko unaphulika n'kupha anthu oposa 200. Scotland amene ankatitumizira amishonale ndi yemweyo amene ankatsitsira ana mumdima.

Wachiwiri ndi wa Lord Overtoun. Aliyense wodziwa mbiri ya Livingstonia amadziwa Overtoun Institution ya ku Khondowe, imene Dr Robert Laws anayambitsa mu 1894. Dzinalo ndi la John Campbell White, Lord Overtoun, amene anathira ndalama zambiri mumishoniyo ndipo ankatsogolera komiti yake ku Scotland. Chuma chake chinkachokera ku fakitale ya mankhwala a chrome ku Shawfield, kufupi ndi Rutherglen. Mu 1899 antchito a pafakitaleyo atanyanyala ntchito, Hardie analemba nkhani zotsatizana m'nyuzipepala yake ya Labour Leader. Anaulula kuti anthu ankagwira maola 12 patsiku, masiku onse asanu ndi awiri, opanda nthawi yeniyeni ya chakudya, ndipo fumbi la mankhwalawo linkawadya khungu n'kuwaboola kachichereche ka m'mphuno. Mwini wakeyo n'kuti akumenya nkhondo yoti ku Glasgow zoyendera za anthu zisamayende Lamulungu pofuna kusunga Sabata. Abusa ambiri anaikira kumbuyo Overtoun, koma manyazi anagwira ntchito, ndipo ntchito ya Lamulungu inachepetsedwa. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1967, koma nthaka ya m'deralo ikadali ndi poizoni wake. Sindikunena kuti maphunziro a ku Khondowe anali oipa. Ndikunena kuti ndalama yake inali ndi eni ake ena amene mayina awo sanalembedwe pa khoma lililonse, ndipo amene anawayankhulira ndi Hardie.

Chodabwitsa n'chakuti sukulu yomweyo inatulutsa Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town, bungwe loyamba lalikulu la anthu akuda apantchito ku South Africa. Kadalie atapita ku Britain mu 1927, amene anamulandira bwino anali a ILP, chipani cha Hardie chija, ndipo mu 1928 anamutumizira mlangizi, William Ballinger wa ku Motherwell, ku Lanarkshire komweko. Awiriwa sanamvane, ndipo Kadalie anachoka m'bungwelo mu 1929.

Wotsiriza ndi wa nthawi ya chitaganya. Dr Hastings Kamuzu Banda ali ku London anali membala wa Labour. Fenner Brockway, amene ankati anasanduka msosholisti atacheza ndi Hardie ali mtolankhani wachinyamata, anatsogolera Movement for Colonial Freedom kuyambira 1954 ndipo anatsutsa chitaganya kolimba. Koma tisakometsere: zokambirana zoyamba za chitaganyacho zinatsegulidwa ndi boma la Labour, James Griffiths ali nduna yoona za maiko a atsamunda, ngakhale kuti amene anachikakamiza mu 1953 anali a Conservative.

Pa nkhani ya utsamunda ankaima pati?

Patsogolo pa anzake ambiri. Anatsutsa nkhondo ya Britain ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, nthawi imene kutero kunkaitana miyala. Mu 1907 ndi 1908 anazungulira maiko. Ku India anafika dera la Bengal likuwira chifukwa choligawa pawiri mu 1905, n'kunena kuti Amwenye ayenera kudzilamulira monga ankachitira Canada, manyuzipepala a ku London n'kumutcha woukira. Ku South Africa ananena kuti mabungwe a antchito atsegule zitseko kwa anthu akuda, ndipo amene anamugenda ndi kusokoneza misonkhano yake anali azungu apantchito, anthu amene ankayembekezera kuti ndi ake. Apo n'kuti anthu a kwathu kuno atayamba kale ulendo wa ku Joni.

Nanga pa ufulu wa amayi?

Apa anali wouma khosi mpaka kukwiyitsa chipani chake. Anali bwenzi la banja la Pankhurst, limene linkatsogolera nkhondo yomenyera voti ya amayi, ndipo ubwenzi wake ndi Sylvia Pankhurst unapitirira pa ndale, monga makalata awo amasonyezera. Anzake ambiri ankati voti iperekedwe kwa akulu onse nthawi imodzi, poopa kuti kuyamba ndi amayi a chuma kudzapindulira Conservative. Hardie ankati chotchinga cha kukhala mkazi chigwe kaye, ndipo pa msonkhano wa chipani ku Belfast mu 1907 anaopseza kuti atula pansi udindo. Mu 1909, boma litayamba kudyetsa mokakamiza amayi amene ankakana chakudya m'ndende, anafunsa za nkhaniyi m'nyumba ya malamulo aphungu ena akuseka. Amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo anapeza voti mu 1918, ndipo kufanana ndi amuna kunabwera mu 1928. Zonsezi sanazione.

Palibe choipa chimene omukumbukira amabisa?

Chilipo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, eni mafakitale a zitsulo ndi migodi ku Ayrshire atabweretsa antchito ochokera ku Lithuania, amene anthu ankangowatcha Apolishi, Hardie sanalekere pa kudzudzula mabwana otsitsa malipiro. Ananyoza alendowo, kadyedwe kawo ndi ukhondo wawo, n'kufuna kuti abwezedwe. Ndipo m'nyuzipepala yake, pa nthawi ya nkhondo ya Mabunu, munatuluka mawu oloza chala Ayuda a chuma ngati oyambitsa nkhondo. Munthu amene anagendedwa ku South Africa chifukwa choikira kumbuyo anthu akuda ndi yemweyo amene analemba izi. Aliyense amene anakhalapo mlendo wogwira ntchito m'dziko la eni, n'kumva akunenedwa kuti akulanda ntchito, mawu amenewa sangawaone ngati nkhani yaing'ono.

Anafa bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani amati nkhondo ndiyo inamupha?

Kwa zaka zambiri iye ndi Édouard Vaillant wa ku France ankalimbikitsa zoti maiko akafuna kumenyana, antchito a mbali zonse anyanyale ntchito kuti nkhondo ilephereke. Anabweretsa ganizoli pa msonkhano wa ku Copenhagen mu 1910, koma linangokankhidwira kutsogolo. Pa 2 August 1914 analankhula kwa khamu ku Trafalgar Square kukana nkhondo. Patapita masiku awiri Britain inalowa. Pa 6 August anapita ku Aberdare, m'dera lake lomwe, ndipo okumba malasha amene anamuvotera kwa zaka 14 anamukuwiza, kuimba nyimbo za fuko mpaka mawu ake osamveka, n'kumulondola mumsewu akumutukwana. Asosholisti a ku Germany ndi France anavomereza ndalama za nkhondo, aphungu ambiri a Labour anachitanso chimodzimodzi, ndipo mu 1915 Henderson analowa m'boma. M'miyezi yomweyo, kuno John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene osauka a mu Africa akufera nkhondo ya olemera.

Thupi lake linali lofooka kale. Anadwala sitiroko, kenako chibayo chinamumaliza m'chipatala china ku Glasgow. Mtembo wake unatenthedwa ku Maryhill. Pa chisankho chachibwereza cha November 1915, mpando wake wa Merthyr unapita kwa C. B. Stanton, mmodzi mwa amene anatsogolera kumukuwiza ku Aberdare.

Lero amamukumbukira kuti, ndipo motani?

Likulu la chikumbutso ndi Cumnock. Kupatula chiboliboli chija, chimene anasema Benno Schotz, nyumba yosungiramo zakale ya Baird Institute ili ndi chipinda cha katundu wake, ndipo nyumba yake ya Lochnorris ikadalipo. Mwana wake wamkazi Nan anakhala mkulu wa khonsolo ya tauniyo kuyambira 1935, ndipo mwamuna wa Nan, Emrys Hughes, anali phungu wa South Ayrshire kuyambira 1946 mpaka 1969. Ku Aberdare, kumene anamukuwiza, anamuikira chiboliboli mu 2006. Ku Merthyr Tydfil kuli malo a zaumoyo a dzina lake, ku Canning Town ku London kuli nyumba za khonsolo ndi sukulu ya pulayimale, ndipo misewu yotchedwa Keir Hardie ndi yosawerengeka m'matauni a migodi. Bungwe la Keir Hardie Society linakhazikitsidwa mu 2010 kuti lizikonza maphunziro ndi miyambo yomukumbukira. Mu 2008 nthumwi za kumsonkhano wa Labour zitafunsidwa kusankha ngwazi yaikulu ya chipanicho, zinasankha iyeyo, kusiya Clement Attlee ndi Aneurin Bevan amene anakhaladi m'boma.

Mwa zimene ankafuna, ndi ziti zinatheka?

Zina akali moyo, ngakhale kuti anazikhazikitsa ndi boma la Liberal lomwe linkamva mpweya wa Labour kumbuyo kwake: lamulo la 1906 lofafaniza chigamulo cha Taff Vale, chakudya cha ana osauka m'sukulu chaka chomwecho, penshoni ya masheleni 5 pasabata kwa okalamba a zaka 70 mu 1908, ndi maola 8 kwa okumba malasha. Zina zinadikira. Boma loyamba la Labour linabwera mu 1924, migodi inakhala ya boma pa 1 January 1947, chithandizo chaulere cha m'zipatala chinayamba pa 5 July 1948, ndipo malipiro ochepetsetsa a dziko lonse ndi nyumba ya malamulo ya Scotland zonse zinafika mu 1999. Nyumba ya Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ya anthu osasankhidwa ndi voti, imene ankafuna ithe ikadalipo, ufumu ukadalipo, ndipo chipani chake chinatengera dziko ku nkhondo ya Iraq mu 2003.

Akanakhala moyo lero, akanakhala mbali iti?

Aliyense amamukokera kwake. Jeremy Corbyn, amene anasankhidwa kutsogolera Labour mu September 2015, mwezi womwe Hardie ankakwanitsa zaka 100 chimwalirire, anatseka zokamba zake za pamsonkhano wa chipani ndi mawu a Hardie. Otsutsana ndi Corbyn anayankha kuti Hardie yemweyo ndi amene analolera kusiya mawu oti sosholizimu kunja kwa pangano la 1900 kuti mabungwe alowe. Onse awiri akunena zoona. A SNP, chipani chofuna kuti Scotland akhale dziko loima palokha, amene mu May 2015 anatenga mipando 56 mwa 59 ya ku Scotland kuphatikizapo wa dera la Cumnock, amakumbutsa kuti Hardie ankafuna Scotland adzilamulire, ndiponso kuti mnzake Cunninghame Graham anadzakhala pulezidenti woyamba wa chipani chawo mu 1934. Ngakhale ILP yake inadzipatula ku Labour mu 1932 ikunena kuti ndiyo ikusunga mzimu wake.

Keir Starmer, amene anakhala nduna yaikulu mu July 2024, anthu amati anapatsidwa dzinalo potengera Hardie, popeza makolo ake anali a Labour, ngakhale mwini wake ananenapo kuti sanakambiranepo nawo za nkhaniyo.

Nanga migodi ija?

Inatha. Mgodi wakuya wotsiriza ku Scotland, wa Longannet, unatsekedwa mu 2002, ndipo wotsiriza wa Britain yense, Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa mu December 2015, patangopita miyezi itatu anthu ataika nkhata za maluwa pa zaka 100 za imfa yake. Kufupi ndi Cumnock, pamene panali mgodi wa Barony umene unatsekedwa mu 1989, anasiyapo chimango chachitsulo chachitali chimene chinkatsitsa anthu pansi, ndipo m'munsi mwake muli chikumbutso cha amuna anayi amene anakwiririka momwemo mu 1962, mitembo yawo osatulutsidwa.